Analipira katatu, kachinayi tinakatola munthu pa Phalula

Anzanga a kugombe, a ku Msaka, Chembe, Malembo, Makawa, ndi inu a ku Liwonde amene mumandiimbira injini ikakana kulira, ndabweranso. Uthengawu ndi wautali, nde ngati foni yatsala pang'ono kuzima kaitchajitseni kaye, muwerenge mpaka pansi musanayambe kunditukwana.

Sabata yatha pa shedi yanga panabuka mkangano mpaka ntchito inaima. Ine ndinangonena kuti dalaivala akagwidwa kawiri akuyendetsa galimoto ataledzera, dzina lake lisamathere m'kope la apolisi apamsewu. Lizitumizidwa kwa anthu achipatala amene amathandiza munthu kusiya mowa ndi chamba, ndipo asagwirenso chiwongolero asanakaonane nawo. Eee, kunali ngati ndaponda mchira wa galu. Mnzanga wina amene anapita patali ndi sukulu kundiposa ine anati uko n'kuphwanya ufulu wa munthu, mbiri ya layisensi ndi chinsinsi cha mwini wake. Wina anati mukungofuna kuwakwezera mtengo a pa rodibuloko. Wachitatu anaseka n'kuti, "Man, mukufuna tonse atitengere ku Zomba eti?" Tsiku limenelo sindinayankhe bwino chifukwa m'manja munali giyabokosi ya eni ake, ndipo ankafuna kulowa m'madzi madzulo omwewo. Lero ndiwayankha onse atatu.

Ambiri mumandidziwa ngati mwana wa kunyanja poti bambo ndi msodzi, koma kwa mayi anga ndi ku Phalula, m'boma la Balaka, m'mbali mwenimweni mwa msewu wa M1. Amene munakwerapo lole ya usipa yopita ku Limbe njira mukuidziwa: kuchoka ku Monkey Bay, kukhotera ku Golomoti, kutsika ndi M5 mpaka kukalowa mu M1, kenako Chingeni, Senzani, Phalula, Kam'mwamba, Zalewa. Lole imanyamuka kugombe usiku kuti nsomba ikafike pamsika kusanache. Pa Phalula imadutsa m'bandakucha, nthawi yomwe tulo tadzaza m'maso mwa dalaivala. Ndi nthawi yomweyonso yomwe azibambo a makala amakhala ayamba kupalasa njinga m'mphepete mwa tala, opanda nyali, matumba atatu kumbuyo.

Msuweni wanga, mwana wa amalume, amayendetsa lole ya matani atatu pa njira imeneyi. Dzina sinditchula. Amene mukumudziwa mukumudziwa, ndipo mwini wake ndamuuza kuti ndilemba. Akakhala sanamwe ndi dalaivala wabwino kwambiri, amatha kubweza lole chammbuyo pamchenga wa ku Msaka pomwe ena amatitimira. Koma munthuyu anagwidwa katatu ali ndi mowa m'mutu zoopsazo zisanachitike.

Koyamba anamuimitsa pa rodibuloko ina usiku, fungo la mowa litadzaza m'kabini. Anamuuzitsa kachipangizo kaja, analipira chindapusa, anamupatsa lisiti. Lisiti imeneyo anaisunga mu dashibodi ngati satifiketi ya sukulu. Kachiwiri panalibe lisiti, panangodutsa dzanja pawindo basi. Kachitatu ndinalipo ndemwe, ndikupita ku Limbe kukagula maring'i a pisitoni a Yamaha 40. Malo sinditchula. Ndalama inali itachepa, nde tinatsitsa ndowa ya usipa. Amene anakwera kumbuyo kukatapa usipawo ndi ineyo. Ndipo kabotolo kamene kanamununkhitsa tsiku limenelo ndinamugulira ndine pa Golomoti, akuti kochotsera tulo. Choncho amene mukufuna kundiuza kuti ndikudziyeretsa, musavutike, dzanja langa lilimo.

Kachinayi ndinali ku Phalula kuthandiza mayi kufolera nyumba. Cha m'ma 4 koloko m'mawa tinamva phokoso kumsewu, kenako akazi akukuwa. Tinathamanga ndi matochi a foni. Makala anali mbwee pa tala ponse, njinga itapindika ngati waya, bambo wina ali m'ngalande akubuula. Lole inaima patsogolo pang'ono, ndipo ndinaizindikira ndisanaone nambala. Tinamunyamula bambo uja pa chitenje cha mayi wina. Moyo unapulumuka koma mwendo wakumanja anaudula pamwamba pa bondo. Ali ndi ana asanu. Mkazi wawo ndi mayi anga amapemphera tchalitchi chimodzi, mpaka lero mayi amakhala kumbuyo kuti asakumane nawo maso.

Mlandu unapita kukhoti. Analamula chindapusa, achibale tinasonkha, mbuzi za amalume zinapita, bambo anga anatapa pa ndalama ya chilimira. Layisensi anailanda kwa miyezi ingapo, miyeziyo inatha. Pano akuyendetsa lole ya bwana wina, njira yomweyo. Maulendo onse anayi, kuyambira pa rodibuloko mpaka kukhoti, palibe ngakhale m'modzi anamufunsa kuti iwe umamwa wochuluka bwanji, unayamba liti, ukadzuka m'mawa manja amanjenjemera kapena ayi. Amanjenjemera. Ndimamuona akamagwira kapu ya tiyi.

Ine pa shedi ndili ndi kope lakuda lamafuta, ena mumaseka mukaliona. Injini iliyonse yobwera ndimalemba mwini wake, tsiku, ndi chimene ndakonza. Injini ikabwera koyamba pulagi itada, ndimasintha pulagi, mwini wake alipire azipita. Ikabweranso patatha sabata ziwiri pulagi yomweyo itadanso, ndimatsegula kope, ndimadziwa kuti vuto lili mkati. Mwina kabuleta ikumwetsa mafuta ambiri, mwina alovi akuthira oyilo wopyola muyeso, mwina maring'i atha. Makaniko amene amangosintha pulagi kachitatu, kachinayi, n'kumalandira ndalama, ndi wakuba, ndipo tsiku lina boti lidzazimira pakati pa nyanja mwera ukuwomba. Chindapusa cha pamsewu chikugwira ntchito ngati makaniko ameneyo. Munthu yemweyo, vuto lomwelo, lisiti yatsopano.

Ndiye musandiuze kuti kope loterolo boma lilibe. Aliyense amene anatengapo layisensi akudziwa kuti ku Road Traffic, kaya ku Blantyre, Zomba, Lilongwe kapena Mzuzu, amakujambula nkhope, amatenga zidindo za zala, zonse n'kulowa mu kompyuta ya MalTIS. Kuyambira 2017 tili ndi chiphaso cha unzika cha NRB chokhala ndi nambala ya munthu aliyense payekha. Galimoto ikatha COF kompyuta imadziwa. Ukafuna kusintha umwini wa galimoto kompyuta imadziwa. Zoti ndalama ya boma isaphonyeke, makina amakumbukira bwinobwino. Nanga zoti munthu uyu wagwidwa kawiri ndi mowa pachiwongolero, n'chifukwa chiyani zisafike kwa namwino amene angamuthandize? Mu 2017 momwemo dziko lino linakhazikitsa ndondomeko ya dziko yokhudza mowa, National Alcohol Policy. Apolisi ali ndi mayina a anthu amene mowa wawagwira pakhosi, achipatala ali ndi luso lowathandiza, koma awiriwa ali ngati mabwato awiri odutsana usiku opanda nyali.

Ndikuuzeniko pang'ono za muyeso, poti ambiri timangomva kuti "wapyola". Lamulo lathu la pamsewu, Road Traffic Act la 1997, limaletsa kuyendetsa galimoto mowa ukafika magalamu 0.08 pa mamililita 100 a magazi. Bungwe la zaumoyo padziko lonse la WHO limalimbikitsa 0.05. Ku Joni, abale athu amene ali kumeneko akhoza kuvomereza, muyeso ndi 0.05, ndipo kwa madalaivala apantchito ndi 0.02. Ndiye kuti lamulo lathu ndi lofewa kale. Munthu wopyola muyeso wofewawo kawiri konse, ameneyo sikuti tsoka linangomugwera atalawa pa ukwati. Ndipo timidoli timene tinalowa m'malo mwa masacheti boma litawaletsa timapusitsa. Kabotolo ka mamililita 200 kolembedwa 40% kali ndi mowa wofanana ndi ma Green pafupifupi asanu. Chiwindi chimafuna ola lathunthu kapena kupitirira kuti chichotse Green m'modzi. Werengani nokha: wamwa kabotolo pa Golomoti 1 koloko usiku, pofika pa Phalula akadali woledzera. Kusamba kumaso ndi madzi ozizira, khofi, msuzi wa kampango, kutafuna chingamu, zonsezo zimangopusitsa mphuno ya wapolisi, magazi ayi.

Tsopano kwa iwe mnzanga wa ufulu. Sindikukutsutsa zonse. Gawo 21 la malamulo aakulu a dziko lino limateteza chinsinsi cha munthu, ndipo mu 2024 kunabwera lamulo la Data Protection Act lomwe a MACRA amayang'anira. Koma lamulo limenelo silinena kuti mbiri ya munthu izikhala m'bokosi mpaka chiswe chiidye. Limanena kuti iziyenda pa chifukwa chovomerezeka, pa cholinga chodziwika, osapyola chomwe chikufunika, ndipo yokhudza thanzi isamalidwe mwapadera. Ukamwa kunyumba kwako n'kugona pamkeka, ndi nkhani yako ndi mkazi wako. Ukakwera lole ya matani atatu n'kulowa nayo pa M1, chinsinsi chimenecho wachitulutsa wekha pamsewu wa anthu onse. Bambo wa makala uja sanasainire pena paliponse kuti mwendo wake ukhale mtengo wa chinsinsi cha msuweni wanga.

Pomwe ndikugwirizana nawe ndi apa, ndipo apa mumvetsere bwino chifukwa ndi pomwe pagona nkhani. Pa payipi yochokera ku thanki kupita ku injini pali kabaluni kaja timafinya tisanakoke chingwe. Pakabalunipo pali muvi. Mafuta amayenda mbali imodzi yokha, kuchoka ku thanki kupita ku kabuleta. Ukakatembenuza, ufinya mpaka dzanja kutopa, injini siilira. Mbiri ya dalaivala iyenera kuyenda choncho. Kuchoka kupolisi ndi kukhoti kupita kuchipatala, inde: dzina, nambala ya chiphaso, masiku amene anagwidwa, ndi muyeso umene kachipangizo kanaonetsa. Zinayi basi, ndipo mwini wake auzidwe pamaso kuti tatumiza izi kwakutikwakuti. Kuchoka kuchipatala kubwerera kukhoti kuzipita mawu amodzi okha: anabwera, sanabwere, wamaliza. Zimene wakamba m'chipinda chija, zoti amasutanso chamba, zoti banja likutha, zoti amamwa mankhwala otalikitsa moyo, zoti anaganizapo zodzipha, zisatuluke pakhomo. Wapolisi asazione, bwana wa lole asazione, a inshulansi asazione, amfumu asazione.

Ndikuumirira chonchi chifukwa ndinaona zimene zimachitika muvi ukatembenuka. Mnzathu wina woyendetsa minibasi, palibe anamukakamiza, anapita yekha pa chipatala china kukanena kuti mowa wandikulira. Munthu wolimba mtima kuposa ife tonse. Wina wogwira ntchito pamenepo anakauza mlamu wake, mlamuyo anakauza wa pa depoti, pofika Loweruka bwana anali atalanda makiyi. Amene amamwa kuposa iye koma sanapite kulikonse akuyendetsabe. Nde phunziro lomwe anyamata a pa depoti anatolapo mukuganiza ndi lotani? Kuti ukhale chete. Kuyambira pamenepo sindinamvenso wina pa depoti imeneyo wopita kukapempha thandizo. Ndipo musaiwale kuti chamba chosuta n'choletsedwabe. Lamulo la 2020 lija linangolola chamba cha mankhwala ndi cha mafakitale, kwa amene ali ndi chilolezo. Mnyamata akadziwa kuti zimene auze namwino mawa zikhala pa tebulo la apolisi, anena kuti sanasutepo chibadwire, ndipo namwino athandiza munthu amene sakumudziwa.

Ife a kunyanja izi sitiyenera kuchita kuphunzitsidwa. Tonse tikudziwa anthu amene amalumpha chipatala chapafupi n'kukwera matola kukalandirira ma ARV kutali, kuopa maso a anthu. N'chifukwa chake lamulo la HIV la 2018 limaletsa kuulula za magazi a munthu popanda chilolezo chake. Chitetezo chomwecho chikufunika kwa munthu amene akulimbana ndi botolo.

Zimene ndikunenazi sindinazilote. Ku America munthu wopezeka wolakwa pa mlandu woyendetsa ataledzera nthawi zambiri khoti limamutumiza kukaunikidwa za kamwedwe kake, koma kuyambira m'zaka za m'ma 1970 ali ndi lamulo la dziko lonse, amalitchula 42 CFR Part 2, loletsa malo othandiza anthu a mowa ndi mankhwala ozunguza bongo kupereka mbiri ya wodwala kwa apolisi popanda chilolezo chake kapena chigamulo chapadera cha khoti. Muvi uja. Ku Britain akakulanda layisensi kwa miyezi 12 kapena kuposa, khoti likhoza kukupatsa mwayi wa maphunziro okhudza mowa, ukamaliza amakuchotsera mpaka gawo limodzi mwa magawo anayi a chilangocho. Ukalandidwa kawiri m'zaka khumi, layisensi siibwera mpaka dokotala wosankhidwa ndi a DVLA akuyeze. Ku Germany ndiye kulibe masewera. Ukapezeka ndi 0.16 umakakumana ndi dokotala komanso katswiri wa za maganizo, mayeso otchedwa MPU, ndipo ngakhale unali pa njinga yakapalasa akhoza kukutumizako. Wina anena kuti amenewo ndi mayiko olemera. Zoona. Koma misewu yawo ili ndi magetsi ndi njira ya njinga payokha, ambulansi imafika msanga. Ife pa Phalula tinanyamula munthu pa chitenje. Amene akufunika kwambiri kugwira vutoli lisanafike pa tala ndi ifeyo.

Tsopano iwe unaseka za ku Zomba. Kuseka kumeneko n'kumene kwatipha. Mwana akamakula kuno amamva "ku Zomba" ngati mwano, nde munthu bola afe ndi chiwindi kusiyana n'kuti anthu amve kuti anakaonana ndi a zamaganizo. Choyamba, Zomba Mental Hospital ndi chipatala ngati china chilichonse, ndipo si aliyense wa vuto la mowa amafunika kugonekedwa. Kuli a St John of God ku Mzuzu ndi ku Lilongwe amene amathandiza anthu ofuna kusiya mowa ndi mankhwala ozunguza bongo. Ndikuvomereza kuti malo amenewa ndi ochepa ndiponso ali kutali. Dalaivala wa ku Phalula sangasiye ana n'kupita ku Mzuzu. Koma poyambira sipafunika nyumba yosanja. WHO ili ndi mafunso khumi okha, amawatcha AUDIT, amene namwino kapena kiliniko ofesala angakufunse pa mphindi zochepa n'kudziwa ngati kamwedwe kako ndi kongofunika kukambirana kapena kafika pa matenda. Chipatala cha boma cha Balaka chilipo, cha Machinga chili pa Liwonde pomwepo, Mangochi chilipo. Munthu atumizidwe kumeneko ndi kalata ya khoti, tsiku lolembedwa. Wopezeka kuti zafika povuta ndi amene apitirire ku Zomba kapena ku St John of God.

Ndipo pali chifukwa china chomwe nkhaniyi ikufunikira achipatala, osati ife achibale ndi ukali wathu. Munthu amene wamwa kwambiri tsiku ndi tsiku kwa zaka, akasiya mwadzidzidzi thupi limatha kuukira. Kunjenjemera, thukuta, kusagona, kuona zinthu zomwe palibe, kukomoka ngati wakhunyu, ena amafa kumene. Amalume anamutsekera msuweni wanga m'nyumba masiku awiri ngozi itachitika, akuti aone ngati mowa ungamupeze. Usiku wachiwiri anayamba kukuwa kuti pakhoma pali njoka. Agogo anati walodzedwa ndi abale a bambo wa makala uja. Pang'ono pabuke nkhondo ina pamudzi. Pamene zinali zoti thupi likufuna mowa umene linazolowera, ndipo kuchipatala kuli mankhwala othandiza kudutsa masiku amenewo bwinobwino. Abusa apemphere, sindikuletsa, inenso ndimapemphera. Koma apemphere munthuyo ali m'manja mwa namwino.

Wa rodibuloko uja ndiye anandigwira pakhosi, sindinama. Akuti lero kuti dzina lisalembedwe ndi ndowa imodzi ya usipa, mawa dzina likamapita kuchipatala n'kuopseza layisensi zikhala ndowa zitatu. N'zotheka ndithu. Pa maulendo atatu a msuweni wanga, umodzi wokha ndi umene unalembedwa. Kope lomwe masamba awiri mwa atatu anang'ambidwa silingathandize dokotala. Koma taganizani, kodi chifukwa choti alonda ena amagona, tichotse zitseko? Ine yankho langa ndi loti njira ya kuchipatala ikhale yopepuka kwa dalaivala kuposa njira ya chiphuphu. Munthu amapereka ya fanta chifukwa akuopa chindapusa chachikulu ndi kutha kwa ntchito. Mutamuuza kuti ukavomera kukaonana ndi achipatala n'kumaliza masiku ako chindapusa chitsika ndipo layisensi ibwera msanga, ngati amachitira ku Britain kuja, ambiri asankha kuchipatala, chifukwa chiphuphu umapereka lero, mawa uperekanso pa rodibuloko ina. Komanso si apolisi onse amalandira. Amene analemba lisiti yoyamba ija anagwira ntchito yake. Dzina analilemba, kungoti panalibe koti alitumize. Ndipo ngakhale zonsezo zikanika, pali malo amodzi pomwe mbiri siingabisike: kukhoti, ngozi itachitika kale. Msuweni wanga anaima pamaso pa majisitireti atadula munthu mwendo. Ngakhale pamenepo pokha, akanalamulidwa kuti layisensi siibwera popanda kalata ya kuchipatala, lero bwenzi ndikugona tulo.

Ena mwa inu mukuwerenga n'kumati izi ndi za a malole, ife sizikutikhudza. Aise, dikirani. Anyamata angati a kugombe agula njinga zamoto ndi ndalama ya usipa n'kuyamba kabaza opanda layisensi? Ambiri mwa iwo mu MalTIS mulibe dzina lawo, nde mbiri yawo ilembedwa pati? Pa chiphaso cha unzika, poti chimenecho ali nacho. Nanga ife a pamadzi? Ndani sanaonepo woyendetsa boti akukoka chingwe cha injini ndudu ya chamba ili pakamwa, alovi khumi ali m'botimo, akuti imachotsa mantha a mwera ndi kuzizira? Panyanja palibe rodibuloko, palibe kachipangizo kouzira, munthu akagwera m'madzi usiku timangoti nyanja yatenga. Ma injini amene amabwera pa shedi yanga pulopela itathyoka pamwala womwe mwana aliyense wa ku Chembe amaudziwa, mukuganiza sindidziwa chimene chinachitika? Ndimangokonza n'kulandira ndalama. Nanenso pamenepo ndine makaniko wosintha pulagi uja. Makomiti athu a m'magombe, ma BVC, amatha kulanda ukonde wa udzudzu ndi kuletsa kuwedza nyengo yotseka. Akhozanso kumuuza mwini boti kuti uyu asagwire injini mpaka akaonane ndi achipatala, mwakachetechete, osachita kuitanitsa msonkhano pansi pa mtengo.

Mwakachetechete ndikutanthauza. Chifukwa pali khalidwe lina limene layamba, loti munthu akagwa ndi mowa pa depoti timamujambula n'kumwaza pa magulu onse, ena mpaka kulemba kuti madalaivala oledzera ndi awa, mayina ndi manambala a galimoto. Ena mwanditumizirapo kuti ndimwaze. Sindimwaza. Kumeneko si kugawana mbiri kumene ndikunena. Chithunzi chikafika pa foni ya mwana wake kusukulu, munthuyo sasiya mowa, amangosintha bala n'kumamwera kumdima. Kalata yotsekedwa yochoka kwa majisitireti kupita kwa namwino ndi chinthu china, chithunzi cha munthu atadzikodzera chozungulira dziko lonse ndi chinthu chinanso. Wakutsina khutu ndi mnansi, koma amatsina khutu, sakuvula pamsika.

Amene muli ndi achibale ku khonsolo, amene mumacheza ndi aphungu athu a ku Balaka, Machinga ndi Mangochi, amene muli m'makomiti a chitetezo cha m'mudzi, afunseni funso limodzi ili: munthu akapezeka wolakwa kukhoti pa mlandu woyendetsa ataledzera, dzina lake limapita kuti akalipira? Muwaumirize ayankhe. Akati lamulo silinena, muwauze kuti ntchito yosintha lamulo ndi yawo, tinawavotera zomwezo. Akati ndalama palibe, muwafunse kuti mwendo wodulidwa, bedi la kuchipatala miyezi iwiri, ndi ana asanu osiya sukulu zimalipiridwa ndi ndani.

Bambo wa makala uja pano amakhala pansi pa mtengo pafupi ndi msika wa Phalula, amamata machubu a njinga. Mwezi watha ndinawapititsira guluu ndi zigamba kuchokera ku Limbe. Analandira, anathokoza, anandifunsa kuti injini zikuyenda bwanji kunyanja. Za msuweni wanga sanafunse, ngakhale lole yake yatsopano amaiona ikudutsa kawiri pa sabata.

Msuweniyo ndinamuimbira dzulo. Ndamuuza kuti Lachiwiri ndikwera naye mpaka pa Balaka, titsike tonse tikaonane ndi namwino, thiransipoti yobwerera ndi tsiku lake la ntchito ndilipira ine. Palibe kalata ya khoti yomukakamiza, palibe lamulo, ndi ine ndekha ndi pakamwa pangapa. Anakhala chete nthawi yaitali mpaka ndinayesa mayunitsi atha. Kenako anafunsa kuti, "Bwana wanga akamva?" Ndinamuuza kuti samva. Ndinalonjeza chinthu chimene sichili m'manja mwanga. Iye anangoti tiona. Usiku uno akunyamula usipa ku Msaka, pa Phalula adutsa cha m'ma 4.